Nkhandwe ya Thunthu la Nthochi: Mmene Makolo Athu Ankaphunzirira Kulasa Patali

Alendo athu olemekezeka, makamaka inu amene mwalowera pa Mwami kuchokera ku Malawi, ndi inu a ku Chipata ndi ku Lundazi: pobwera kuno ku Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi mwadutsa pa Mtenguleni, pafupifupi pakati pa ulendo wochokera ku Chipata kufika ku Katete. Ambiri mumawadziwa malowo chifukwa cha Nc'wala, mwambo wa abale athu Angoni a Mpezeni, umene unatsitsimutsidwa mu 1980 ndipo umachitika Loweruka lomaliza la mwezi wa Febuluwale. Mwezi uno wa Ogasiti bwalo lake lili zii, udzu wauma, ng'ombe zikungodya m'mbali mwa msewu. Komatu dziko limene mwaliona pa zenera la basi lija lili ndi mbiri ina imene simveka m'mawu a nduna pa tsiku la mwambo. Ndi mbiri ya mmene mwana wamwamuna ankaphunzirira kulasa chinthu chimene chili patali, ndipo taona kuti n'kwabwino tiilembe m'kabuku kano pakuti amene anaiona ndi maso awo akutha mmodzimmodzi.

Tiyambe ndi nyama imene inali mayeso a luso limeneli. Nkhandwe ya kwathu kuno imafanana ndi galu wamng'ono. Ndi yotuwa, ili ndi mzere woyererako m'nthiti ndiponso nsonga yoyera kumchira, ndipo ngakhale yonenepa siipitirira makilogalamu 14. Imayenda usiku, kawirikawiri yaimuna ndi yaikazi pamodzi, ndipo siisankha chakudya: mbewa, ziwala, nkhuyu zakugwa, nyama yofa yokha, komanso nkhuku za m'mudzi ikapeza khola losatseka bwino. Omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, atafika pa nyama imene Angerezi amaitcha fox, imene kwathu kulibe, analemba kuti nkhandwe. Sanapite patali ndi choonadi, popeza nyama ziwirizi n'zochenjera mofanana, zonse zimaba nkhuku, ndipo zonse sizilola munthu kuziyandikira.

Pamenepa ndiye pagona nkhani yathu. Nyama zina zonse makolo athu anali nazo njira yozifikira pafupi. Mbawala ndi gwape ankazipirikitsira m'maukonde pa uzimba, nguluwe ankaikumbira mbuna, njati ankaiwenda motsutsana ndi mphepo, ndipo mbewa tikuzikumbabe mpaka lero. Nkhandwe yokha inkakana zonsezi. Msampha inkaununkhiza n'kuulambalala. Mfumu siinkaitanitsa liwamba chifukwa cha iyo, pakuti nyama yake ambiri sadya. Ngakhale ulembe, mankhwala aja opaka ku muvi ochokera ku nthanga za kombe, amene Thomas Fraser wa ku Edinburgh anasonyeza mu 1885 kuti ali ndi mphamvu pa mtima wa munthu, alenje sankauwonongera pa kanyama kosadyedwa. Motero chinkatsala ndi muvi umodzi wopanda mankhwala, mtunda wautali, ndi kuwala kochepa kwa chisisira. Nkhandwe inkaima kumapeto kwa tsala, pamene chibonga sichingafike, n'kukuyang'ana kanthawi, kenaka n'kulowa m'udzu. Munthu amene ankatha kuilasa pa kanthawi kameneko ankalemekezedwa, osati chifukwa cha ndiwo, koma chifukwa anali atapulumutsa nkhuku za amayi ake, atatontholetsa kulira kumene agogo ankati ndi malodza, ndiponso atateteza agalu a m'mudzi ku chiwewe.

Kapangidwe kake

Ife amene tinakulira m'midzi ya pakati pa Chipata ndi Katete tikukumbukira kuti phunziroli silinkayamba ndi uta. Linkayamba ndi dothi. Mwana woweta ng'ombe, atakhala pa chulu kudambo, ankaumba ng'ombe zadothi, ndipo pambuyo pake ankaumbanso kalulu, fisi, nguluwe ndi nkhandwe. Akulu ankangoona ngati masewera, koma atsibweni odziwa uzimba ankatola chidolecho n'kuchitembenuza m'manja. Ukaumba nkhandwe ya miyendo yaifupi ngati galu wa m'mudzi, kapena mchira wopindikira m'mwamba, ankakufunsa kuti: "Mphwanga, nyama iyi unaiona kuti?" Ukayankha kuti, "Ndinaiona kutsala kuja, atsibweni," iwo ankangoti, "Pita ukaionenso." Ankafuna kuti diso lidziwe nyama dzanja lisanagwire nsinga.

Mnyamata akasinkhuka n'kulowa m'gowelo, mpamene ankamupangira nkhandwe yoilasa. Ankapita kudimba kukadula thunthu la nthochi imene yabala kale, lalitali ngati kuchokera paphewa kufika kunsonga ya zala. Thunthu la nthochi linkasankhidwa mwanzeru. Ndi lofewa, kotero silibunthitsa muvi kapena kuthyola bango lake. Limagwira muvi osauponya kumbali, ndipo pakuti lili ndi madzi ambiri, limasonyeza bwino pamene muvi walowa ndi kuzama kwake. Nyama yadothi ikanasweka ndi muvi woyamba, ndipo yamtengo ikanatha mivi yonse tsiku limodzi. Ku thunthulo ankazikako timitengo tinayi tosongola kuti tikhale miyendo, msinkhu wake wofika m'bondo la munthu wamkulu. Mutu unkakhala wa mphonda yaing'ono kapena wa zitsononkho zomanga pamodzi ndi luzi, makutu a masamba ouma oimirira, ndipo mchira unali mtolo wa udzu wogwera pansi, kunsonga kwake atapakako phulusa kuti kuyere. Mzere wa m'nthiti ankaulembanso ndi phulusa.

Chinthu chomaliza, chimene chinali chachikulu pa zonse, chinali kadontho ka makala kuseri kwa mwendo wakutsogolo, pamene pali mtima ndi mapapo. Masiku oyamba kadonthoko kankakhala kakakulu ngati chikhatho. Kenaka kankachepa kufika pa kukula kwa dzira la nkhuku. Pomaliza atsibweni ankakafufuta, ndipo mnyamata ankayenera kudziwa yekha pamene pali mtima pongoona phewa ndi mwendo, pakuti nkhandwe yeniyeni siiyenda ndi chizindikiro cha makala. Muvi ukalowa m'ntchafu kapena m'mimba sunkawerengedwa. Anzako ankakuseka kuti nyama yapita ndi muvi wako, ndipo kwa anthu amene chitsulo chawo chinkachokera m'ng'anjo ya msuzi, movutikira, kutaya muvi sichinali chinthu chaching'ono. Akulu ankaonjezanso kuti nyama yolasidwa molakwika imakafera kutali pang'onopang'ono, ndipo mlenje wotero amadziitanira tsoka m'tchire.

Mtunda ankauyesa ndi mapazi. Woyamba kumene ankaima pa mapazi khumi, ndipo akalasa katatu motsatizana ankabwerera m'mbuyo mapazi asanu. Pamene mtunda unkakula, mnyamata ankazindikira yekha zimene palibe akanamuuza ndi pakamwa: kuti muvi suyenda molunjika koma umakwera n'kutsika, kuti patali uyenera kuloza pamwamba pa msana kuti ulase m'nthiti, kuti mphepo ya mwezi uno wa Ogasiti imakankhira muvi kumbali, ndiponso kuti nthenga ikamangidwa mokhota muvi umavina m'malere. Akazolowera zimenezi, nkhandwe ija ankaichotsa pabwalo poyera n'kukaiika m'udzu, mutu ndi msana zokha zikuoneka, ndipo nthawi yolasa ankaisuntha kuchoka masana kufika madzulo dzuwa litalowa. Ena ankaimangirira luzi lalitali, mmodzi n'kubisala kuseri kwa chulu akuikoka modukizadukiza monga imayendera nkhandwe. Amene ankakoka luziyo ankakhala wamng'ono pa onse, ndipo tikaganiza lero mmene mivi ya ophunzira inkasocherera, tikuona kuti mizimu inkatiyang'anira ndithu.

Zakale kuposa ife

Luso la uta m'dziko lino ndi lakale kuposa ufumu wa Undi. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 katswiri wofukula zakale David Phillipson anakumba m'mapanga a Makwe kufupi ndi Katete, Thandwe kufupi ndi Chipata, ndi Kalemba ku Chadiza, ndipo zimene anapeza anazisindikiza mu 1976 m'buku lotchedwa The Prehistory of Eastern Zambia. M'mapangamo munali timiyala tambirimbiri tosemedwa mwaluso, tina tating'ono ngati chikhadabo, timene akatswiri amati tinkamatidwa ku mivi ndi ku zida zina, pamodzi ndi mafupa a nyama zimene eni ake ankadya. Amenewa ndi anthu aja makolo athu anawapeza kuno n'kumawatcha Akafula kapena Abatwa. Pa makoma a mapanga ena muli zojambula zofiira zakale kwambiri, ndipo pamwamba pake pali zoyera, za maonekedwe a nyama, zimene zinajambulidwa ndi Achewa. Zofanana nazo zili ku Chongoni m'boma la Dedza, malo amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006.

Sitikunena kuti zojambula zimenezo zinali zolasapo mivi, ayi. Zoyerazo n'za chinamwali ndi za Gule Wamkulu. Chimene tikufuna muone n'chakuti Mchewa, akafuna kuphunzitsa chinthu chachikulu, amayamba waika chifaniziro cha nyama pamaso pa wophunzira. Namkungwi amachita zimenezi ndi dothi kutsimba. Pabwalo, zilombo zimene muzione pa mwambo uno zimadza m'maonekedwe a nyama za m'tchire, kasiyamaliro, njovu, mkango ndi zina, ndipo akatswiri monga Matthew Schoffeleers anaona m'zimenezi chikumbutso cha moyo wakale wa uzimba, pamene munthu ndi nyama ankadziwana bwino. Zotsalazo n'za kudambwe, ndipo kabuku kogulitsidwa pachipata si malo ake. Nkhandwe ya thunthu la nthochi inali mphwake wamng'ono wa zinthu zazikuluzi, yopanda chinsinsi ndi yopanda mwambo, koma yochokera m'nzeru imodzimodziyo.

Pamene Antonio Gamitto, msilikali wa Chipwitikizi, ankadutsa m'dziko la Amaravi ndi la Mkanda mu 1831 pa ulendo wochokera ku Tete kupita kwa Kazembe, anapeza anthu amene chida chawo chachikulu chinali uta ndi mivi. Nyama zinali zambiri, ndipo uzimba unali mbali ya ufumu. Mnyanga wa njovu wogunda pansi ndi zikopa za mkango ndi kambuku zinkapita kwa mfumu, ndipo zina mwa izo zinkafika kwa Undi monga mitulo. Kulamba kumene tasonkhanira lero kunali, mwa zina, tsiku lopereka zimene mauta ndi mikondo ya m'dziko yapeza.

Sukulu ina ya kulasa

Zaka zinayi chidutsireni Gamitto, mu Novembala 1835, Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi kufupi ndi Zumbo pa tsiku la kadamsana. Anapita kumpoto mpaka ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania, kumene Zwangendaba anamwalira. Mwana wake Mpezeni anabwerera kumwera ndi gulu lake, nakhala pakati pa Ansenga, ndipo cha m'ma 1870 anakhazikika m'dziko la Mkanda, m'mapiri ndi m'madambo ozungulira Chipata. Sitibisa kuti zaka zimenezo zinali zowawa kwa makolo athu. Ena anathawira m'mapiri, ena anamanga malinga, ndipo ambiri anatengedwa n'kusanduka Angoni.

Angoni anadza ndi maphunziro osiyana ndi athu. Iwo uta sankaulemekeza. Chida chawo chinali chishango chachikopa, nthungo yaifupi yobayira, ndi chibonga, ndipo mwamuna weniweni kwa iwo anali wofika pafupi ndi mdani mpaka kumva mpweya wake. Kwawo kumwera, pakati pa Azulu, anyamata oweta ng'ombe anali ndi masewera otchedwa insema: ankaima m'mizere pamtsetse, mmodzi n'kugubuduza chitsinde chozungulira kuchokera pamwamba, ndipo aliyense ankachibaya ndi ndodo yosongola chikamadutsa. Ifenso tinakula tikugubuduza dzungu laliwisi kapena mphonda pa mtsetse wa chulu n'kumaliponyera timikondo tathu, osadziwa kuti masewerawo ali ndi abale awo kutsidya la Limpopo. Dzungu logubuduzika linkaphunzitsa changu ndi mphamvu ya mkono. Nkhandwe ya nthochi inkaphunzitsa kudekha, kuyesa mtunda ndi maso, ndi kudziwa pamene pali mtima. M'midzi ya kufupi ndi Mtenguleni, kumene bambo ankakhala Mngoni, mayi Mchewa kapena Mnsenga, mnyamata mmodzi ankaphunzira zonse ziwiri, kwa atate ake ndi kwa atsibweni ake, ndipo aphunzitsi awiriwo ankanyozana mwachinansi pa mowa.

Amene munapitako ku Nc'wala munaona chimake cha sukulu ya Angoni. Ng'ombe yamphongo yakuda imaimikidwa pabwalo, ndipo msilikali wosankhidwa amaibaya ndi nthungo kuti mfumu ilawe mwazi wake. Khamu lonse limayang'ana dzanja la munthu mmodziyo. Onetsetsani pamene nthungo imalowa: ndi kuseri kwa mwendo wakutsogolo, pomwe paja atsibweni athu ankapaka makala.

Kubwera kwa chandamale

Mfuti zinafika kuno Angerezi asanafike. Achikunda ochokera ku Zambezi, osaka njovu, ankayenda ndi mfuti za gogodela, zothira wonga kukamwa, ndipo mafumu ena a Achewa, monga Mwase wa ku Kasungu, anazipeza zambiri mwa malonda a minyanga. Koma gogodela siinali mfuti ya patali. Chipolopolo chake chinkapita kumene chafuna, kuithira kachiwiri kunkatenga nthawi, ndipo wonga sunali wosewera nawo. Mwini gogodela ankawendabe nyama ngati mwini uta. Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu a mbali ino ya Africa, motero kusiyana kwa zida kunakhazikitsidwa ndi lamulo nkhondo isanayambe.

Nkhondoyo inadza mu Januwale 1898. Carl Wiese, wamalonda wa ku Germany amene anakhala zaka zingapo kwa Mpezeni, anali atagulitsa chilolezo chake, ndipo pambuyo pake chinafika m'manja mwa kampani ya North Charterland Exploration, imene inkakhulupirira kuti m'dziko la Angoni muli golide. Nsingo, mwana wa Mpezeni ndi mtsogoleri wa asilikali, anakana kuti dziko lilowedwe motero. Asilikali a boma la Angerezi anadza kuchokera ku dziko limene pambuyo pake linatchedwa Nyasaland, Aafirika pamodzi ndi Asikhi a ku India, atanyamula mfuti zamakono, mfuti za Maxim ndi mizinga. Magulu a Angoni anagwa asanafike pa mtunda woponyera nthungo. Nsingo anagwidwa, naweruzidwa ndi bwalo la asilikali, nawomberedwa mu Febuluwale chaka chomwecho. Ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa, Mpezeni anatengedwa kupita ku Fort Manning, kumene lero ndi Mchinji, ndipo atabwerera anamwalira mu 1900. Nc'wala inaleka kwa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu. Tisadzinamize kuti uta wa Achewa ukanachita bwino kuposa nthungo ya Angoni. Mwase Kasungu, ndi mfuti zake zonse, anali atagonja kale kumapeto kwa 1895.

Pali liwu limodzi limene tikuliona ngati chipsera cha nthawi imeneyo. Lero tonse timati chandamale potanthauza chinthu cholasapo, ndipo timaliyesa lathulathu. Komatu m'chilankhulo cha Chihindustani, chimene asilikali a ku India ankalankhula, malo ophunzirira kuwombera amatchedwa chandmari. Asikhi anayamba kufika ku Zomba mu 1891, pa nthawi ya Harry Johnston, ndipo ndiwo ankaphunzitsa asilikali a Chiafirika kugwira mfuti. Ife tikuona kuti liwuli linalowa m'Chichewa kudzera m'kamwa mwa asilikali amenewa, ndipo linafalitsidwa m'midzi ndi ana athu amene analowa King's African Rifles ndi Northern Rhodesia Regiment, ena n'kukafika mpaka ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Chandamale cha asilikali chinali thabwa kapena pepala lokhala ndi mizere yozungulira ndi diso lakuda pakati. N'chida chabwino, sitikana, pakuti chimayesa aliyense mofanana ndipo chimawerengeka ndi manambala. Koma chilibe phewa, chilibe mwendo, chilibe mbali imene mphepo ikuchokera. Chimaphunzitsa kulasa pakati pa chinthu, pamene mtima wa nyama suli pakati. Sichifunsa wolasa ngati akuidziwa nyama imene akufuna kupha, kapena ngati ili ndi bere, kapena ngati ili yoyenera kuphedwa n'komwe. Mnyamata wa nkhandwe ya nthochi sakanatha kupanga chandamale chake asanakhale madzulo ambiri kumapeto kwa tsala akuyang'ana nyama yamoyo.

Mlenje asanduka wakuba

Boma la atsamunda litakhazikika ku Fort Jameson, kumene kunali likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911, uzimba unayamba kupanikizika kuchokera mbali zonse. Msonkho wa nyumba unatumiza amuna ku migodi ndi ku mafamu a Southern Rhodesia, motero atsibweni amene akanaphunzitsa adzukulu ndi aphwawo anali ku Harare ndi ku Bulawayo. Malo abwino ozungulira Fort Jameson anakhala mafamu a fodya a Azungu, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 anthu anasamutsidwira m'malo opatulidwa, mmene anapanikizana mpaka tchire linatha ndipo nyama zinathawira ku Luangwa. Malamulo a nyama, monga la 1925, anafuna chiphaso cholipira, ndipo njira zakale zambiri zinaletsedwa. Mu 1938 chigwa cha Luangwa chinapatulidwamo malo osungira nyama, amene mu 1972 anakhala South Luangwa National Park. Mlenje amene agogo ake ankapereka minyanga kwa Undi anayamba kutchedwa wakuba nyama.

Tikanena zimenezi tisakhale ngati odzilungamitsa. Kutha kwa nyama kunali kwenikweni, ndipo choopsa chachikulu chinadza dziko litalandira kale ufulu. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 njovu za ku Luangwa zinaphedwa zikwizikwi ndi mfuti zankhondo chifukwa cha minyanga, ndipo chipembere chinatheratu, kotero kuti mu 1998 chinalengezedwa kuti m'Zambia mulibenso, kufikira pamene zina zinabweretsedwa ku North Luangwa mu 2003. Ena mwa amene ananyamula mfutizo anali ana a m'midzi yathu. Choipa china ndi khwekhwe wa waya, amene safuna diso kapena luso: amagwira mbawala, galu, mkango, ngakhale chitamba cha njovu, ndipo nyama imavutika masiku ambiri wotchera ali kumudzi. Atsibweni aja amene ankakana kuwerenga muvi wa m'ntchafu akanaona waya ameneyu akanalavula. N'chifukwa chake tikuyamika ntchito ya bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003 m'chigawo chino, lolandira mfuti ndi mawaya kwa osaka n'kuwaphunzitsa ulimi wa mtedza, mpunga ndi njuchi, kenaka n'kumawagula zokolola zawo.

Kunja akupangabe

Chodabwitsa n'chakuti nzeru imene ife tinaitaya ngati yachimidzi, anthu a mayiko ena akuisunga ndi ndalama zambiri. Ku Mexico, kumene kale pa zikondwerero ankawombera ziweto zamoyo zomangirira patali, m'zaka za m'ma 1940 anayamba kudula zitsulo m'maonekedwe a nyama, ndipo masewerawo, otchedwa siluetas metálicas, afalikira m'mayiko ambiri. Nkhuku yachitsulo imaikidwa pa mamita 200, nguluwe pa 300, nkhukundembo pa 385, ndipo nkhosa yamphongo pa mamita 500. Ku England ndi Wales, kumene lamulo la 2004 linaletsa kusaka fox ndi gulu la agalu, alimi a nkhosa ndi osaka amaiwombera ndi mfuti usiku kuchokera patali, ndipo ena amayamba adula thabwa kapena chitsulo m'maonekedwe ndi msinkhu wa nyamayo, n'kulemba malo a mtima ndi mapapo, kuti adziwe mtunda umene angaphe nawo mosavulaza chabe. Mfuti yawo ili ndi galasi lokuza zinthu ndipo imafika kumene muvi sungalote, koma funso lawo ndi lomwe lija la kudimba kwathu.

Sitikulemba izi kuti anyamata atuluke kukasaka nkhandwe. Lamulo la nyama zakuthengo la 2015 silimalola kusaka popanda chiphaso, ndipo lero tikudziwa zinthu zimene agogo sankazidziwa. Chiwewe chimene chimapha anthu pafupifupi nthawi zonse chimachokera kwa agalu a m'mudzi, ndipo mankhwala ake ndi katemera wa agalu, osati muvi. Nkhandwe imadyanso mbewa zambiri zimene zikanatha chimanga m'munda, ndipo khola lokwezeka, lotsekedwa bwino, limateteza nkhuku kuposa mlenje aliyense. Koma thunthu la nthochi silikhetsa mwazi. Pempho lathu kwa mafumu, aphunzitsi ndi okonza miyambo n'lakuti, pambali pa magule ndi zakudya zamakolo zimene timaonetsa alendo, pakhale kabwalo kamene ana angaumbe nyama, n'kuimika nkhandwe yawo, n'kupikisana ndi uta. Masiku ano anyamata a m'mbali mwa msewu wa Great East amalasa zitini ndi mabotolo apulasitiki ndi malegeni, ndipo ena ali ndi dzanja labwino zedi, koma chitini sichifuna kuti uchidziwe.

Pokonzekera nkhani ino tinapita m'mudzi wina kufupi ndi Mtenguleni kwa mkulu wina wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, mayi ake Mchewa, bambo ake Mngoni, n'kumupempha kuti atipangire nkhandwe monga ankachitira kale. Anayamba wakana, nati, "Ana inu, mukufuna anthu aziti ndapenga?" Koma mdzukulu wake atabwera ndi thunthu kuchokera kudimba, manja a mkuluyo anayamba okha kusongola timitengo. Sanayese ndi chingwe kapena kufunsa munthu. Anaimika miyendo, namanga zitsononkho, napempha phulusa kukhitchini kwa mpongozi wake. Ana anasonkhana n'kumatsutsana: wina anati ndi galu, wina anati ndi mbuzi, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaionapo nkhandwe yamoyo. Uta tinachita kubwereka m'mudzi wachitatu, nsinga yake ya nayiloni. Mkuluyo anawerenga mapazi makumi atatu, natembenuka, nakoka. Muvi woyamba unagwa pafupi, wachiwiri unapitirira pamwamba, wachitatu unalowa m'ntchafu, ndipo ana anakuwa ndi chimwemwe. Iye anapukusa mutu, nati, "Musaombe m'manja. Imeneyo yapita ndi muvi wanga." Anapereka utawo kwa mdzukulu wake, namukokera kutsogolo kufika pa mapazi khumi, ndipo tinawasiya akulimbana za kagwiridwe ka nsinga. Titabwerera m'mawa mwake kuti tijambule chithunzi cha m'kabuku kano, tinapeza mbuzi zitadya thunthu lonse, patatsala timitengo tinayi ndi mchira wa udzu.